Vinyo wonunkha matabwa pa Kalomwe

Anthu a pa Kalomwe sadabwa msanga. Munthu wokhala pa chipata cha dziko, pomwe mathiraki ochokera ku Beira, ku Tete ndi ku Joni amagona pa mzere kudikira zidindo kuti alowe ku Dedza, waona zambiri ndipo walawa zambiri. Adalawa 2M ndi Manica, adalawa Carlsberg ndi Chibuku cha kutsidya, ndipo achikulire amakumbukabe vinyo wa Apwitikizi wa m'magarafawu a malita 5 amene ankagulitsidwa m'makantini nkhondo isanabwere. Koma botolo limene lidafika pa mudzi wina kuseri kwa msika tsiku lina Loweruka lidayamba lawasowetsa chonena, kenaka lidawalankhulitsa mpaka dzuwa kulowa.

Adabwera nalo ndi mnyamata wina wa pamudzipo amene amayendetsa thiraki pakati pa Lilongwe ndi Johannesburg. Akuti Mgiriki wina wa sitolo kumeneko, amene mnyamatayo adamuthandiza kutsitsa katundu, adamuninkha botololo ngati zikomo ndi kumuuza kuti akapatse mkulu wa kwawo. Mnyamatayo adafika pa nthawi yake, chifukwa tsiku limenelo banja lidasonkhana pa khonde la malume ake kukambirana za chiliza cha agogo awo amene adatisiya chaka chatha. Padali malumewo, eni mbumba. Padali alongo awo, amene mnyamatayo amawatcha mayi aakulu, odziwika m'dera lonselo pa kafululidwe ka masese. Padalinso mkulu wina woyandikana nawo nyumba, kalipentala amene adakulira pa macheka ku Dedza, ndi ena ongobwera atamva kuti wa ku Joni wafika.

"Malume, ndakutengerani kanthu ka kutali," adatero mnyamatayo atanjuta.

Malumewo adalitembenuza botolo uku ndi uku. Zilembo zina zidali zachilendo, osati za Chipwitikizi kapena za Chingerezi ayi, zina ngati mafoloko, zina ngati mbedza. Mawu okhawo amene adawerengeka adali akuti Retsina. M'kati mudali madzi oyera mofiirira pang'ono ngati uchi wosungunula.

"Zikomo mphwanga. Koma mwambo ukuudziwa. Wabwera nacho ndiye amayamba."

Mnyamatayo adatsekula, adathira pang'ono m'kapu, adamwa. Nkhope idachita makwinya ngati waluma ndimu, koma poti ndi iye adanyamula botololo ulendo wonsewo, adalimba mtima ndi kunena kuti ndi wabwino. Kapu idapita kwa malume. Iwo adanunkhiza kaye, adayang'ana mphwawoyo nthawi yaitali, adapsontha pang'ono ndi kufunsa mofatsa kuti, "Kodi Mgirikiyo mudasiyana bwino?"

Khonde lonse lidafa ndi phwete. Wina adati ndi parafini. Wina adati ndi mankhwala aja opaka pa bondo likamaphwanya. Koma amene adalasa ndi a kalipentala, amene atangoyandikiza kapu ku mphuno adafuula kuti, "Awa ndi matabwa! Ili ndi fungo la pa macheka m'mamawa, paini akangomugwetsa kumene!"

Mkuluyo sadaname. Retsina ndi vinyo wa mphesa wa ku Greece amene amathiramo dala utomoni wa mtengo wa paini, ndipo dzina lakelo limachokera ku mawu otanthauza utomoni. Si ngozi, si chinyengo cha wogulitsa, ndipo si kuti botolo lidaonongeka pa njira. Eni ake amaufuna chomwecho, ndipo akhala akuumwa chomwecho kwa zaka zoposa 2,000.

Chiyambi chake amayi oumba mbiya angachimve msanga kuposa aphunzitsi. Kalelo kudalibe mabotolo kapena migolo. Vinyo ankamusunga ndi kumunyamula pa zombo m'mitsuko ya dothi italiitali ya makutu awiri. Tsono dothi limapuma, ndipo vinyo akakumana ndi mpweya amasasa ndi kusanduka viniga. Pofuna kutseka timabowo ta dothi, Agiriki ankamata m'kati mwa mtsuko ndi pa chivundikiro ndi utomoni wa paini, monga momwe msodzi amamatira bwato ndi phula. Vinyo ankakhala nthawi yaitali osasasa, koma ankatenga fungo la utomoniwo. Patapita zaka mazanamazana kudabwera migolo ya matabwa, kenaka mabotolo, ndipo ntchito ya utomoni idatha. Anthu a maiko a kumadzulo adausiya. Agiriki adapeza kuti lilime lidazolowera kale, vinyo wopanda utomoni ankawamvekera ngati ndiwo zopanda mchere, choncho adayamba kuthiramo dala. Aliyense amene amati nsima ya pa nkhuni imakoma kuposa ya pa magetsi kamba ka kafungo ka utsi alibe chifukwa chowaseka.

Ndipo a pa Kalomwe sadali oyamba kukwinya nkhope. Columella, Mroma amene adalemba za ulimi zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, adafotokoza za kathiridwe ka utomoni mu vinyo koma adalangiza kuti vinyo wabwino kwenikweni asamamusakanize ndi kanthu. M'chaka cha 968 bishopu wina wa ku Italy, Liutprand wa ku Cremona, adatumidwa ndi mfumu yake ku Constantinople, mzinda umene lero ukutchedwa Istanbul, ndipo pobwerako adalemba madandaulo ambirimbiri, limodzi mwa iwo lidali loti vinyo wa Agiriki sadatheke kumwa chifukwa cha utomoni. Ndiye kuti malume athu aja ali pa gulu limodzi ndi bishopu.

Kapangidwe kake lero ndi kotere. Amafinya mphesa zoyera, makamaka za mtundu wa Savatiano zimene zimalimidwa kwambiri ku Attica, dera lozungulira mzinda wa Athens. Madziwo akayamba kuwira okha monga umachitira mowa m'mbiya, amaponyamo tizidutswa ta utomoni wa paini wa mtundu wa Aleppo. Kuwira kukatha, amasefa, utomoni umatsala pansi ndi nsenga, mu vinyo mumangotsala fungo lake. Muyeso wake ndi wa lamulo: saloledwa kupyola kilogalamu imodzi pa malita 100, ndipo ambiri masiku ano amathira wochepa kwambiri kuposa pamenepo. Utomoniwo amachita kukolola. Amasenda kachigamba ka khungwa pa mtengo wamoyo, amamangirira kathumba m'munsi mwake, ndipo utomoni umadontha pang'onopang'ono miyezi yotentha. Mabanja ambiri a kumpoto kwa chilumba cha Evia ankadya ndi ntchito imeneyi mpaka mu Ogasiti 2021 pamene moto wolusa udatentha mahekitala pafupifupi 50,000 kumeneko, dera lotsala pang'ono kufanana ndi nkhalango yonse yobzala ya Chikangawa. Amene adaonapo paini akupsa pa phiri la Dedza mwezi wa Okutobala akudziwa kuti mtengo wa utomoni ukagwira moto sumva kukuwa kwa munthu.

Mnyamata wa thiraki sadadziwe zonsezi. Chimene adakumbuka ndi chakuti Mgiriki uja adamuuza kuti vinyoyu samwera pa njala kapena ali wofunda, amafuna kuzizira ndi kanthu ka mchere pambali. Kuzizira pa Kalomwe sagula. Botolo adaliviika mu ndowa ya madzi a pa chitsime, ndipo mwana adatumidwa ku msika kukagula usipa ndi mbatatesi zokazinga za pa chiwaya. Ulendo wachiwiri kapu idayenda mwaulemu. Malume adatafuna usipa, adapsontha, adakhala chete, kenaka adati, "Akutsuka mafuta m'kamwa ameneyu." Ndi momwemo amamwera eni ake, ndi tinsomba tokazinga ndi zakudya zina za mchere ndi adyo. Agiriki ndi nsomba ndi pachibale, ndipo a ku Mangochi akudziwa zimenezi, poti a banja la Yiannakis adayamba usodzi wa makoka akuluakulu kumeneko m'zaka za m'ma 1930.

A kalipentala, kapu yachiwiri itawafika m'mutu, adabwera ndi nzeru. Adati ngati nkhani ndi utomoni, paini ali mbwee ku Chongoni ndi pa phiri la Dedza, bwanji osakatapa, kuthira mu kachasu ndi kumagulitsa kwa madalaivala pa mtengo wa ku Greece? Anthu adaseka, koma pa malire pano nthabwala ya lero imasanduka bizinesi ya mawa, tsono ndi bwino kuyankhiratu. Paini wofala ku Dedza ndi mtundu wina, kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, adabzalidwira matabwa. Matabwa ndi mapolo ena amawanyika m'mankhwala oteteza chiswe, ndipo mankhwalawo ndi poizoni. Mgiriki amadziwa mtengo wake, amayeza pa sikelo, ndipo amalemba pa botolo chimene wathiramo. Amene amathira zinthu mu kachasu usiku kuti "akalipe" salemba paliponse.

Mayi aakulu aja ndiwo adakana kwamtuwagalu. Adangonunkhiza kapu ndi kuibweza.

"Achimwene, chonunkha chonchi ine sindingapatse anthu. Mowa wabwino umadziwika ndi mphuno. Wanga wa pa chiliza mudzaumva fungo muli ku msewu."

Apa ndi pamene nkhani idabwerera ku chimene adasonkhanira. Malume adafunsa ngati chimanga cha mowa chakwana. Mayiwo adati chakwana ndithu, pali matumba awiri aja adanyowa denga litadontha mvula yomaliza, ndi ufa wina umene udachita chuku pang'ono. Nsima yake ana adaikana, koma kutaya n'kulakwa, chaka chino chimanga chavuta. Adati akachiyanika, akachigayitsa, chikalowa mu mgolo, moto wa tsiku lonse ukapha chilichonse. Onse adavomera ndi mitu, poti ndi zimene anthu ambiri amachita. Chimanga chokanika nsima chimapita ku mowa, amatero.

Mnyamata wa thiraki adaika kapu pansi.

"Mayi, pepani ndilankhule ngakhale ndili mwana. Ku Chitima adateronso."

Khonde lidazizira. Palibe wamkulu m'chigawo cha Tete amene saidziwa nkhani ya ku Chitima, koma ambiri adaimva theka loyamba lokha, theka la mphekesera, ndipo theka lachiwiri lidawadutsa.

Pa 9 Januwale 2015 anthu a ku Chitima, likulu la boma la Cahora Bassa kufupi ndi Songo, adachokera ku maliro ndi kukamwa mowa wa chimanga, umene kumeneko amautcha pombe, wofululidwa mu mgolo wa malita 210. Udali mowa ngati wa masiku onse. Pofika usiku ndi m'mawa mwake anthu adayamba kumva m'mimba kupota, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kufooka. Zipatala za Chitima ndi Songo zidadzaza. Anthu oposa 230 adadwala ndipo 75 adamwalira. Boma lidalamula masiku 3 a chisoni m'dziko lonse la Mozambique.

Mphekesera idathamanga kuposa ambulansi. Aliyense ankati wina wathira ndulu ya ng'ona mu mgolo anthu ali ku manda, ndipo ngakhale manyuzipepala a kunja adalemba zomwezo. Anthu adayamba kulozana zala ndi kukumbutsana milandu yakale. Chonsecho katswiri wina wa pa yunivesite ya Zimbabwe adaiyesa ndulu ya ng'ona kale m'zaka za m'ma 1980 ndipo adapeza kuti ilibe ukali umene anthu amaunenawo.

Zoona zake zidatuluka mu Novembala chaka chomwecho, mowa ndi ufa wotsala zitapimidwa ku America. Mudalibe ndulu, mudalibe mankhwala a mbewu. Mudali poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kamakhala m'dothi ndi m'zomera ndipo kamaswana mu ufa wonyowa ukakhala pofunda. Ufa umene adafululira mowawo udali utanyowa ndi madzi a mvula, eni ake adaona kuti sungadyeke, ndipo udaperekedwa kuti ukagwire ntchito ya mowa. Padalibe mfiti. Padali anthu osafuna kutaya chakudya, monga mayi aakulu a pa Kalomwe.

Poizoni ameneyu ali ndi makhalidwe atatu amene amagwetsa nzeru zonse zimene timadalira pa mowa. Sanunkha. Samveka pa lilime. Ndipo safa ndi moto, ngakhale phala libwate kuyambira m'mawa mpaka madzulo; moto umapha kachilomboko koma poizoni amene kasiya kale amatsala. Akalowa m'thupi amatseka njira imene ziwalo zimapezera mphamvu, ndipo chiwindi, impso ndi ubongo zimayamba kulephera. Mankhwala omusukulutsa palibe, a chipatala amangothandiza thupi kuti lilimbe. Ku Indonesia adamudziwa kale kudzera m'chakudya china chowola cha kokonati chimene boma lidachiletsa mu 1988, ndipo ku China anthu 9 a banja limodzi adafa mu Okutobala 2020 atadya chakudya cha ufa wa chimanga wonyika. Ku Chitima kudali koyamba kuti apezeke muno mu Africa.

Chowawa kwambiri ndi ichi. Mwambo woti wofulula ayambe walawa, uja malume adakumbutsa mphwawo, ndi wabwino ndipo udaikidwa ndi anthu anzeru. Umateteza kwa munthu wa mtima woipa, chifukwa wothira mankhwala sangamwe yekha. Koma sungateteze ku chinthu chimene wofululayo sakuchidziwa, chomwenso chimatenga maola chisanaonekere. Mayi amene adafulula mowa wa ku Chitima adali m'gulu la omwalirawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono taonani mmene zinthu zidakhalira pa khonde lija. Botolo la Mgiriki lidanunkha moopsa, aliyense adaliopa, chonsecho chonunkhacho n'chodziwika dzina, n'choyezedwa, ndipo choopsa chake ndi chomwe chija cha mowa uliwonse, kuti ukachuluka umagwetsa munthu, makamaka poti vinyo ndi waukali kuposa masese. Matumba awiri a m'nyumba mwa mayi aakulu palibe adawaopa. Mowa wake ukadanunkhira mpaka ku msewu monga adalonjezera, ndipo ukadamwedwa ndi mudzi wonse, azilamu ochokera ku Ulongwe ndi ku Domwe, abale a kutsidya ku Dedza, ovina ngoma, mwinanso ana opatsidwa thobwa la mu mgolo womwewo.

Kunena mwachilungamo, si thumba lililonse lonyowa limene lili ndi kachilombo ka ku Chitima. Zoterezi sizichitika kawirikawiri, ndipo n'chifukwa chake mayi aakuluwo adali ndi poyankhira. Adati iwo afulula zaka 30, adafulula ngakhale ali ku msasa wa othawa nkhondo kutsidyaku asanabwerere kumudzi mtendere utabwera mu 1992, ndipo palibe adadwalapo ndi mowa wawo. Zimenezo n'zoona, ndipo palibe adawatsutsa. Koma vuto ndi loti thumba loipalo silisiyana maonekedwe ndi thumba longonyowa chabe, ndipo palibe mphuno pa Kalomwe kapena ku Maputo imene ingalizindikire. Komanso chimanga cha chuku chili ndi poizoni wina wofala kwambiri amene sapha tsiku limodzi koma amadya chiwindi pang'onopang'ono, ndipo naye sathawa moto wa pa mafuwa. Chokanika nsima chakanikanso mowa.

Ndipo zikachitika kuti anthu awiri kapena atatu amene amwera mgolo umodzi ayamba kusanza ndi kupotokola m'mimba, nthawi yofunsa kuti walodza ndani palibe. Mowawo uimitsidwe pompo, onse amene amwako apite ku chipatala ngakhale amene akudzimva bwino, ndipo wotsalawo pamodzi ndi ufa wake asatayidwe, aperekedwe kwa a zaumoyo. Ku Chitima chidatsegula maso ndi zotsala zomwezo.

Pa khonde paja mkangano sudathe msanga. Mayi aakulu adakhumudwa, ndipo m'pomveka, poti kudzudzulidwa ndi mwana wa mng'ono wako pamaso pa anthu pa ntchito imene umadziwika nayo si chinthu chopepuka.

"Iwe wamwa matabwa a Mgiriki, lero ukufuna kundiphunzitsa kufulula? Nanga matumba awiri amenewa abweza ndani? Uli ndi munda iwe?"

Mnyamatayo adayang'ana pansi. Malume adakhala chete nthawi yaitali akuzunguza kapu, kenaka adalankhula ndi alongo awo mosakweza mawu.

"Chemwali, mowa wanu palibe akuunyoza. Koma chiliza chimenechi ndi cha mayi athu. Anthu akabwera kudzalira kamodzi, asadzabwerenso kudzalira kachiwiri pa khomo lomweli. Mwanayu wayambitsa nkhani, ayimalize ndi thumba lake."

Adagwirizana kuti wa thirakiyo agula thumba limodzi la chimanga chouma pa msika, malume atapa lina m'nkhokwe mwawo, ndipo chimera chikonzedwa chatsopano ndi kuyanikidwa pa mphasa mpaka chiume gwa. A kalipentala adalonjeza kukwera pa denga Lolemba kukatseka podontha paja, malipiro ake chipanda chimodzi pa tsiku la chiliza. Za matumba onyowa aja mayi aakulu adati aona okha chochita, ndipo malume, amene amawadziwa bwino alongo awo, adatuma anyamata awiri kuti akawanyamule madzulo omwewo ndi kukawakhuthulira m'dzenje la manyowa iwo akuona.

M'botolo mudatsala vinyo wokwana zala ziwiri. A kalipentala adapempha kuti apite naye kunyumba akanunkhizitse akazi awo, amene akuti kwa zaka zambiri akhala akudandaula kuti malaya a amuna awo amanunkha utuchi. Botolo lopanda kanthu adalonjeza kubweza, poti mayi aakulu adali atalipempha kale kuti azisungiramo mafuta ophikira.